Poto wopindika wa ku Chilobwe ndi mboni, musamuike m'gulu la zinyalala

Achemwali ena a ku Blantyre atumiza funso pa imelo. Gulu lawo la achinyamata likufuna kupanga chinthu chokumbukira anthu amene anapita ndi matope a namondwe wa Freddy, chofunsanso chifukwa chimene osauka okhaokha amakhalira m'mphepete mwa phiri. Atolera kale matumba anayi a zitsekerero za mabotolo, ndipo akufuna kudziwa guluu wabwino wozimatira pa bolodi kuti zilembe mawu akuti "Tisaiwale".

Za guluu ndiyankha kumunsiku, achemwali. Chimene chandigwira mtima ndi zitsekererozo. Zikugwirizana bwanji ndi usiku uja wa mu Marichi 2023 pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe? Chitsekerero cha botolo sichinali m'nyumba zimenezo. Sichikudziwa kanthu. Mukachimata pa bolodi, odutsa adzati ana awa ali ndi luso, adzajambula ndi foni n'kumapita, ndipo funso lanu la malo okhala silidzawafika.

Vutoli si lanu nokha. Pafalikira chizolowezi chakuti luso la zinthu zotola limatanthauza kusesa msika n'kupanga maluwa a majumbo, kenaka kulembapo mawu aakulu onena za nkhanza, za edzi kapena za chilengedwe, malinga ndi amene wapereka ndalama chaka chimenecho. Chinthu chimodzimodzi, mawu okha ndiwo amasinthidwa. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Ngati chosemacho chingathe kunena nkhani iliyonse mutangosintha chikwangwani, ndiye kuti sichikunena nkhani yanu.

Taonani zimene anachita anzathu a ku Mozambique, nkhani yomwe ife sitiyenera kuimva ngati yakutali, poti nkhondo yawo inatibweretsera othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena a m'malire. Nkhondoyo inatha mu 1992, koma mfuti zinatsala zokwiriridwa m'minda ndi m'madenga. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, potengera mawu a Yesaya 2:4 onena za kusula malupanga kuti akhale zolimira. Munthu ankabweretsa mfuti n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena zipangizo zomangira nyumba. Zida zoposa 600,000 zinatoleredwa m'zaka zoyambirirazo. Ankaziduladula kuti zisadzaombenso, ndipo zidutswa zina anazipereka kwa amisiri a gulu la zaluso la Núcleo de Arte ku Maputo.

Mmodzi mwa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina lakuti Kester, anawotcherera mpando wachifumu mu 2001. Chotsamira chake ndi mfuti za G3 zimene asilikali a Apwitikizi ankanyamula, mbali zina ndi za AK-47. Mpandowo sufuna munthu woulankhulira. Mpando ndi pokhala wolamula, ndipo uwu wapangidwa ndi zinthu zimene zinapha anthu enieni, ndipo palibe mfuti ndi imodzi yomwe pampandopo imene inapangidwa mu Africa. Woyang'ana amadzifunsa yekha kuti anazigulitsa ndani, anapindula ndani, amene anakhala pa mipando ya ulamuliro anakwerapo ndi chiyani. Kester akanasema mpando womwewo pa mtengo wa mlombwa n'kuupaka utoto wonga mfuti, ukanakhala chokongoletsa basi. Gonçalo Mabunda, wobadwira ku Maputo mu 1975, wapitiriza njira yomweyo ndi mipando komanso nkhope zopangidwa ndi makoko a zipolopolo ndi a mabomba.

Pali chimodzi chimene chimandipweteka pa nkhani imeneyi. Mpando wa Kester unagulidwa ndi British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London, mu 2002, ndipo chosema china cha zida, Mtengo wa Moyo, wotalika kuposa mamita atatu, umene iye ndi Hilario Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté anawotcherera, unakaimikidwanso ku London komweko mu 2005. Ndi zabwino kuti a kumene kunkachokera mfuti azione. Koma mayi wa ku Tete kapena Mutarara amene anathawira kuno ali ndi mwana kumbuyo sadzaziona. Inuyo chanu musachipangire alendo. Chiime pamene anthu a ku Chilobwe, Manje ndi Chimwankhunda amadutsa popita kumsika.

Mwina mundiuza kuti El Anatsui wa ku Ghana, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Nsukka ku Nigeria, watchuka dziko lonse ndi zitsekerero zomwezo. N'zoona. Koma zake ndi za mabotolo a mowa waukali, ndipo anazisankha podziwa kuti mowa unali m'gulu la katundu amene azungu ankabwera naye ku gombe la kumadzulo kwa Africa posinthana ndi anthu. Chitsekerero chake chili ndi mlandu. Romuald Hazoumè wa ku Benin amagwiritsa ntchito zigubu zakuda zimene anyamata amazembetsera petulo kuchokera ku Nigeria atazimanga panjinga zamoto, moyo uli pachiswe. Anayala zigubu 304 pansi motsanzira mmene akapolo ankagonekedwera m'sitima ya pamadzi, chigubu chilichonse chikuoneka ngati nkhope yotsegula pakamwa. Elina Chauvet wa ku Mexico anaika mapeyala 33 a nsapato zofiira mumsewu wa ku Ciudad Juárez mu 2009 pokumbukira akazi ophedwa ndi osowa, nsapato zoperekedwa ndi anthu. Onsewa sanayambe ndi funso lakuti tapeza chiyani chambiri. Anayamba ndi kufunsa kuti ndi chinthu chiti chimene chinalipo pamene zoipazo zinkachitika.

Kwa inu yankho lili poyera. Malata opindika ngati pepala. Mapoto ophwanyika. Nsapato imodzi ya mwana wa sukulu. Loko yokhoma pachitseko chimene nyumba yake kulibe. Chingerengere cha njinga, mbaula, supuni, felemu ya zenera. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndi kusiya oposa 600,000 opanda pokhala, koma nambala zimenezi munthu amazimva n'kuziiwala asanafike kunyumba. Loko yokhala ndi kiyi wake sangaiiwale msanga.

Ndipo musalole kuti chinthu chanu chingonena kuti kunagwa tsoka. Makolo ankati napolo wadutsa, ndipo mawuwo ali ndi malo ake, koma napolo sasankha nyumba ya mlonda kusiya ya bwana wake. Amene amasankha ndi mtengo wa puloti. Munthu wogwira maganyu ku Limbe sangakwanitse malo osalala okhala ndi ngalande, choncho amakwera phiri kumene lendi ndi yotsika, ndipo mitengo yogwira nthaka inatha kale chifukwa mzinda wonse umaphikira makala. Kuchigawo chakumwera nkhani ya malo ndi yakale, kuyambira pamene atsamunda anatenga minda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1890 n'kusiya eni nthaka pa thangata. Simungaike zonsezi pa chosema chimodzi, ndipo musayese. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani funso limodzi, lija munalemba lakuti n'chifukwa chiyani ndi osauka amene ali kuphiri, ndipo chilichonse chimene sichikuthandiza funsolo chitsale.

Tsono apa ndiye pamene magulu ambiri amagwera, ndipo si pa luso la manja. Zinthu zimene ndatchulazi zili ndi eni ake. Musapite kukatola m'mabwinja ngati mukutola nkhuni. Kwathu kuno katundu wa malemu sagwiridwa ndi munthu wamba. Pali mwini mbumba, pali nthawi yake yogawa. Achinyamata achilendo akayamba kufunsa nsapato za ana omwalira osadzera kwa amfumu, mawa lake mudzamva kuti akufuna zizimba, ndipo ntchito yanu idzathera pomwepo. Yambani ndi amfumu a dera, kenaka atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndipo iwo ndiwo alengeze. Khalani pamalo amodzi odziwika masiku awiri kapena atatu, anthu abweretse okha zimene akufuna. Amene sakufuna asafunsidwe kachiwiri.

Kumbukiraninso kuti lata lopindika kwa inu ndi chizindikiro, koma kwa mwini wake ndi denga. Anthu amaliwongola ndi hamala n'kufoleranso. Poto wobooka amakamatitsa. A ku Mozambique sanatenge mfuti ulere, ndipo inunso musatenge ulere: poto wakale asinthidwe ndi watsopano, lata ndi lata. Ndalama za zimenezi zikhale pamwamba pa bajeti yanu, patsogolo pa za penti ndi za zakumwa za tsiku lotsegulira. Kulankhula za chilungamo mutatenga chaulere kwa munthu amene anataya zonse n'kudzitsutsa nokha.

Gulani kope lachikuto cholimba. Chinthu chilichonse chilandire nambala, ndipo mulembe tsiku, dera, chimene mwini wake wanena ndi mawu ake enieni, komanso yankho lake pa mafunso atatu: dzina lilembedwe poyera kapena ayi, chinthucho chingabooledwe kapena ayi, adzachifunanso kapena ayi. Asaine kapena adinde chala. Nambalayo muikhome pa kachidutswa ka chitini ndi msomali n'kuimangirira ndi waya, chifukwa pepala ndi inki sizipirira madzi otsukira.

Kutsuka ndi kusunga

Valani magolovesi achikopa ndi nsapato zotseka, ndipo aliyense wogwira malata adzimbiri akhale atabayitsa katemera wa kafumbata. Matope a madzi osefukira anasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Tsukani kaye ndi sopo ndi burashi, kenaka viikani mphindi 10 m'madzi a bulichi, kapu imodzi pa makapu 9 a madzi, n'kutsukuluza bwino ndi madzi oyera. Mukapanda kutsukuluza, bulichi amadya chitsulo ndipo m'sabata ziwiri poto wa aluminiyamu adzatuluka timabowo toyera. Yanikani padzuwa masiku atatu. Nsapato ndi nsalu muziike mapepala a nyuzi m'kati ndi kumawasintha tsiku lililonse, apo ayi zidzachita nkhungu.

Musatsuke mopitirira. Anthu ambiri amapala dzimbiri lonse n'kupaka penti yowala, chinthucho n'kutaya umboni wake. Chotsani dzimbiri lofundukuka lokha ndi burashi ya waya, lotsalalo mulitseke ndi vanishi wosawala, kupaka kawiri mosiyanitsa tsiku limodzi. Ngati mukufuna kuti matope ena aonekebe pa chinthu, siyani kachigawo, kaume gwa, mukadonthezere guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi ochuluka katatu, ndipo akauma mupake vanishi pamwamba. Vanishi wopakidwa pa chinyezi amasanduka woyera ngati mkaka ndipo amasupuka.

Zigubu kapena zitini zimene munali petulo, palafini kapena mankhwala a mbewu musazidule ndi galainda, musaziyandikize moto wowotcherera. Mpweya wotsalira m'katimo umaphulika ngakhale chigubu chikuoneka chouma. Mabatire, mababu aatali ndi zipangizo zachipatala zikaneni pomwepo.

Chimango

Chimene ndingakulangizeni ndi mafelemu atatu oima, lililonse lotalika mamita 1.8 ndi mulifupi mamita 1.2, la angle iron (chitsulo chopindika ngati L) ya mamilimita 40 ndi 40 yochindikala mamilimita atatu. Imagulitsidwa yotalika mamita 6, ndipo imodzi imakwana kuzungulira felemu limodzi ndendende. Gulani zisanu: zitatu za mafelemu, ziwiri za miyendo ya masentimita 60 yolowa pansi ndi mitanda ya pakati. M'kati mwa felemu awotcherere mesh (ukonde wa waya) ya mabowo a masentimita asanu. Marodi owotcherera a mamilimita 2.5 okwana makilogalamu awiri akwanira. Chimango chokhachi ndicho mupake penti yoteteza ku dzimbiri ya red oxide kawiri, kenaka penti yakuda yosawala, kuti maso asakhale pa icho.

Mafelemuwo musawaike pamzere wowongoka. Alumikizeni ndi mabawuti a mamilimita 10 mokhotakhota ngati chitseko chopinda, chifukwa khoma lowongoka lokhala ndi malata limagwira mphepo yonse ndipo likhoza kugwera mwana. Siyani mipata pakati pa zinthu kuti mphepo izidutsa. Pa felemu lililonse, gawo limodzi mwa magawo atatu likhale lopanda kanthu. Kumbani maenje anayi, masentimita 40 mbali zonse ndi 60 kuya. Konkire ikhale muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya miyala ya kwale. Matumba atatu a simenti a makilogalamu 50 akwana. Thirirani m'mawa ndi madzulo masiku 7 musanapachike kanthu. Zolemera zikhale m'munsi, zopepuka pamwamba, ndipo felemu limodzi lisanyamule kuposa makilogalamu 40.

Malata musawawotcherere. Ndi opyapyala, amabooka, ndipo utsi wa zinki wokutira lata umadwalitsa wowotcherera. Booleni ndi dirilo ya mamilimita anayi n'kumanga ndi maliveti kapena mabawuti ang'onoang'ono okhala ndi mawashala mbali zonse ziwiri. M'mphepete monse mwakuthwa mupinde ndi pulayazi kapena mupale ndi tupa, chifukwa anthu adzagwira, makamaka amene azindikira chinthu chawo. Zimene eni ake akana kuti zibooledwe muzimange ndi waya wosachita dzimbiri wa mamilimita 1.6, wopota kumbuyo kwa mesh. Waya wa kopa musiyeni. Akakhudzana ndi aluminiyamu kapena lata pa chinyezi, chitsulo chinacho chimadyeka, komanso amaitana akuba. Za akuba a zitsulo muziganizire kuyambira tsiku loyamba: mitu ya mabawuti aiwotcherere kadontho kuti isamasuke, ndipo malo akhale pabwalo la tchalitchi, la mzikiti kapena la sukulu pamene pali mlonda.

Kaikidwe ka zinthu ndiko kadzanyamule funso lanu. Funsani opulumuka kuti matope anafika pati pakhoma, muyeze, ndipo mzere umenewo udutse mafelemu onse atatu ndi chitsulo chimodzi chopyapyala. Zinthu za m'nyumba zikhale pansi pa mzerewo mothithikana. Pamwamba pake pakhale pafupifupi popanda kanthu, kupatula makiyi ndi maloko. Munthu akaima pafupi adzayeza mzerewo ndi thupi lake, ndipo mwana wake akaima pomwepo adzaona yekha pamene mutu wa mwanayo ukulekeza. Musanamange, yalani zonse pansi pa lona mmene zidzakhalire, muitane amene anapereka zinthu adzaone. Akanena kuti nsapato iyi isakhale pafupi ndi poto uyo, mverani, ngakhale m'maso mwanu zikuoneka bwino.

Mawu olembedwa akhale ochepa, osapitirira 50, m'Chichewa, pa chitsulo chosiyana ndi chosemacho: tsiku, dera, kuti zinthuzi zinaperekedwa ndi eni ake, ndi funso lanu limodzi. Musatchule munthu kapena ofesi kuti ndiyo inapha anthu. Zimenezo zidzakutengerani kukhoti ndipo chosemacho chidzazulidwa. Malamulo oyendetsera dziko lino amateteza ufulu wolankhula pa gawo 35 ndi wosonkhana pa gawo 38, komabe chinthu chokhazikika pamalo a mzinda chimafuna chilolezo cholembedwa cha khonsolo, ndipo ngati padzakhala kuguba pa tsiku lotsegulira, bwanamkubwa adziwitsidwe mwa kalata pasanatsale maola 48. Ma logo a othandiza ndi ndalama asakwere pa chimango. Aikeni pa pepala la pulogalamu.

Pa tsikulo mpando woyamba ndi wa ofedwa, ndipo alendo olemekezeka alankhule pambuyo pawo, mwachidule. Kope lija likhale ndi munthu mmodzi wodziwika, chifukwa padzapezeka mayi amene pakatha miyezi itatu adzafuna supuni yake ibwerere. Mubwezereni tsiku lomwelo osamufunsa chifukwa, ndipo pamalo pake pakhale mpata.

Za guluu tsopano. Zitsekerero za pulasitiki sizigwira guluu aliyense wa m'sitolo kwa nthawi yaitali, ndipo padzuwa zimafwifwa n'kuyamba kuthetheka. Zachitsulo zimagwira ndi guluu wa nsapato pa thabwa louma, koma m'nyumba mokha. Panja bolodi limafufuma ndi mvula yoyamba ndipo chiswe chimamaliza. Njira yokhalitsa ndi kuboola timabowo tiwiri ndi msomali n'kusoka ndi waya. Matumba anu anayiwo musataye: zachitsulozo ziphwanyeni ndi hamala zikhale mawashala a maliveti, ndipo zina mukhomepo manambala a m'kope lija.

Ngati mukufuna kutsegulira mu Marichi, kumbukirani kuti imeneyo ndi nthawi ya mvula. Kukumana ndi amfumu ndi kulandira zinthu kuchitike mu Ogasiti ndi Seputembala, kutsuka, kuyanika ndi kupaka vanishi mu Okutobala dzuwa lili phwee, ndipo konkire ikhale itathiridwa mvula yoyamba isanagwe.